Kodi bowa ndi chomera? Yankho kwa mayi wa ku Chinamwali

Mayi wina wa ku Chinamwali watitumizira imelo. Akuti mwana wawo wa Fomu 1 analemba kuti nyama zimayenda pomwe zomera siziyenda, aphunzitsi n'kumuchotsera malikisi. Akufunsanso ngati bowa wogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa ku Chawe nthawi ya dzinja ali m'gulu la zomera.

Amayi, aphunzitsiwo sanalakwitse. Nkhani yagona pa chakudya. Chomera chimadzipangira chokha: m'masamba muli kolorofilo, chinthu chobiriwira chimene chimakola kuwala kwa dzuwa n'kuphatikiza madzi ochokera ku mizu ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi wolowera pa timabowo ta pa tsamba. Pamenepo pamatuluka shuga ndi okosijeni. Shuga wotsala chimamusunga ngati sitachi, ndiye uja timadya mu chinangwa ndi mbatata. Mbuzi singathe zimenezi, n'chifukwa chake ili ndi miyendo, maso ndi mphuno zosakira msipu.

Mwanayo adzionere yekha. Ikani chomera cha mu chitini pamdima kwa maola 48 kuti sitachi wakale athe. Phimbani theka la tsamba ndi pepala lakuda mbali zonse ziwiri, n'kuchiika padzuwa maola 6. Thothani tsambalo, liwiritseni m'madzi mphindi imodzi, kenako liviikeni mu sipiriti wa m'kabotolo komwe mwakaimika m'madzi otentha mpaka liyere. Zimitsani kaye moto, sipiriti sachedwa kuyaka. Litsukeni m'madzi ofunda kuti lifewe, n'kudonthezapo ayodini, mankhwala amene amada akakumana ndi sitachi. Mbali yomwe inaona dzuwa ida bii, yophimbidwayo ingokhala yofiirira. Likada lonse, ndiye kuti maola a mdima aja anachepa kapena kuwala kunalowa m'mphepete mwa pepala.

Kusiyana kwina kuli m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo. Selo ya chomera ili ndi khoma lolimba la selulozi, ndipo ikadzadza madzi imalimba gwa. Ndiye chifukwa mpiru wofota umadzukanso mukauwaza madzi. Selo ya nyama ilibe khoma. Ya magazi mukaiika m'madzi okhaokha imatupa n'kuphulika. Kakulidwe nakonso: mtengo umatalikira kunsonga, moti msomali wokhomedwa pa thunthu sukwera, pamene mwana wa mbuzi amakula thupi lonse n'kudzasiya.

Chimene ana ambiri amaphonya pa mayeso ndi kupuma. Zomera nazo zimagwiritsa ntchito okosijeni usana ndi usiku, kungoti masana zimapanga wochuluka kuposa amene zimagwiritsa ntchito.

Tsono bowa si chomera. Alibe kolorofilo, amayamwa chakudya kuchokera ku zinthu zowola kapena ku mizu ya mitengo monga masuku, ndipo khoma la maselo ake ndi la kaitini, wofanana ndi wa chigoba cha ziwala. Mu 1969 wasayansi wa ku America Robert Whittaker anapatsa bowa gulu lakelake, ndipo pa chibale bowa ali pafupi ndi nyama kuposa zomera.