Kuyankha amalume za njinga za batire ku Dolomites

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Leeds? Azakhali ali bwanji? Uthenga wanu ndinauona m'mawa koma ndinali pantchito, ndiye ndati ndingojambula mawu, polemba zala zingatope. Enanu pagulu pano mupirire, nditalikitsa pang'ono.

Mwafunsa za ulendo uja mwauona pa Facebook, wa tsiku limodzi ku mapiri a Dolomites kuno ku Italy, woti mumakwera cable car, kachipinda koyenda pa chingwe kokweza anthu phiri, kenako n'kumayenda pa njinga ya batire, wokutsogolerani ali patsogolo. Mukuti kodi inu ndi azakhali mungauthe mu Julaye, poti bondo lanu lija limavuta, komanso azakhali njinga anaisiya kalekale. Ndisazungulire. Inuyo mungauthe, koma osati tsiku loyamba mutangofika. Azakhali ayi, umenewo asauyerekeze. Ulipo wina wowayenera, ndiunena, muyambe mwamva chifukwa chake.

Chithunzi chomwe mwatumizacho ndi cha Sellaronda. Pali chiphiri chachikulu cha mwala chotchedwa Sella, nsonga yake Piz Boè, mamita 3,152. Ndiye ulendowo ndi wozungulira chiphiri chimenecho mpaka kubwerera pomwe munayambira, makilomita pafupifupi 60. Mumadutsa mipata inayi ya pakati pa mapiri: Gardena, Campolongo, Pordoi ndi Sella. Wotsikirapo ndi Campolongo, mamita 1,875, pomwe Pordoi ndi 2,239. Midzi ya m'munsi ndi Selva, Corvara, Arabba ndi Canazei, ndipo mutha kuyambira paliponse. Nthawi yozizira anthu amazungulira momwemo pa ski, timatabwa totsetserekera pa chipale. Chipale chikasungunuka, zingwe za ma cable car zomwe zimakweza anthu a ski zija amazitsegulira anthu a njinga, kuyambira cha pakati pa Juni mpaka mu Seputembala.

Tsono anthu otsatsa malonda aja amakuuzani zoona, koma theka. Amati simutopa chifukwa phiri limakwezedwa ndi makina. Eya, n'zoona. Mukayambira ku Selva mumalowa m'kachipinda ka gondola (mtundu wa cable car) ya Dantercepies, njinga n'kulowa nayo momwemo, pakapita mphindi pang'ono mwafika pamwamba osatuluka thukuta. Ku Corvara mukweranso ya Col Alt. Ku Arabba kuli ya Porta Vescovo, yomwe imakutulani pa mamita oposa 2,400, chiphiri cha Marmolada chili maso ndi maso ndi inu, chipale mbee ngakhale mu Julaye. Ku Campitello kuli ya Col Rodella. Mukazungulira motsata muvi wa wotchi, chitunda chopalasa nokha tsiku lonse sichifika mamita 500, ndipo pamenepo injini ya njinga imakuthandizani. Bondo lanu silidandaula ndi kukwerako, ayi ndithu.

Chomwe sanena mokweza n'chakuti chilichonse chomwe chingwe chakukwezani, mutsika nokha. Kuphatikiza tsiku lonse, n'kutsika kwa mamita pafupifupi 4,000. Ndipo si pa tala. Ndi tinjira ta dothi ndi timiyala toterera, mizu ya mitengo, makona okhota mwadzidzidzi, pena maenje omwe matayala a anzanu akumba pomanga mabuleki. Batire pamenepo ilibe ntchito. Imangokhala katundu, chifukwa njinga zimenezi zimalemera makilogalamu oposa 20, ndiye pamtsetse imafuna kukuthawani. Potsika simukhala pa chishalo. Mumaimirira pa mapedulo, maondo opindika pang'ono, zigongono zotambasuka, kwa mphindi zambiri osapuma. Bondo lanu lija mayeso ake ali pamenepo. Ndipo chomwe chimayamba kulira si miyendo, ndi manja. Pofika masana zala zimachita dzanzi ndi kufinya mabuleki, ndipo munthu akatopa manja m'pamene amagwa.

Ndikudziwa muyankha kuti munakulira pa njinga, munkapita nayo kusukulu mtunda wautali. Sindikukana amalume, ndipo zimenezo zikuthandizani, thupi siliiwala. Koma mabuleki a njinga izi ndi ena. Ndi a mafuta, amagwira ndi chala chimodzi chokha. Mukafinya ndi dzanja lonse monga tinazolowera, tayala lakutsogolo limaima nji, inu n'kudumphira kutsogolo. Komanso mvetsetsani ichi: ku UK buleki ya kutsogolo imakhala kudzanja lamanja, kuno ku Italy imakhala kumanzere. Munthu akadzidzimuka dzanja limachita zomwe linazolowera. Ndiye pobwereka njinga muwauze kuti mwachokera ku UK, muwapemphe asinthe mbali. Ngati sangathe, muyeserere pabwalo mpaka mutu ugwire.

Apa m'pamene ndimati ndalama ya wokutsogolerani siipita pachabe. Njira ili ndi zikwangwani, munthu wozolowera atha kuyenda yekha. Koma gaidi wabwino asananyamuke amakutengerani pabwalo lathyathyathya, kuona mmene mukuimira, mmene mukukhotera, n'kukuphunzitsani kabatani ka pa handulo kotsitsira chishalo mukamayamba mtsetse. Akaona kuti wina akunjenjemera, amadziwa pomwe pali njira yofewa kapena msewu wa tala wolambalala malo oipawo. Amadziwanso nthawi. Zingwe zimatseka cha m'ma 5 koloko madzulo, ndiye mukachedwa pa nkhomaliro n'kuphonya chomaliza, mwatsala kuseri kwa phiri, m'chigwa china, hotela yanu ili kutsidya. Takisi yake mudzaikumbukira. Pobuka mufunse kuti pagulu pamakhala anthu angati. Likakhala gulu lalikulu la anyamata othamanga, gaidi sangakusamaleni, mudzangokhala wotsalira yemwe aliyense akumudikira pa kona, ndipo manyazi amenewo ndi omwe amathamangitsa munthu mopitirira muyeso wake.

Dikirani kaye, ndizimitse chitofu.

Eya, ndabwera. Ndimati chiyani... za njingayo. Musaganize kuti ndi njinga yamoto. Simupotokola chilichonse. Injini imathandiza pokhapokha mukupalasa, mukasiya nayonso imasiya, ndipo malamulo a kuno ku Ulaya amati ikafika makilomita 25 pa ola ileke kukankha. Pa handulo pali kosankhira mphamvu, kuyambira Eco mpaka Turbo. Alendo ambiri amaika pa Turbo kuyambira m'mawa chifukwa imakoma, koma imadya batire, ndipo pamalo opapatiza njinga imalumpha mukangoponda pedulo. Musiye pakati. Ndipo musavutike n'zogula yanu ku Leeds kuti mubwere nayo, ndege sizinyamula batire yaikulu choncho. Mubwereka konkuno.

Tsono za azakhali. Pafupi pomwepo pali Alpe di Siusi, ena amalemba Seiser Alm, chifukwa dera limenelo linali la Austria mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ndipo anthu ambiri amalankhula Chijeremani, ena chinenero chawo cha Ladin. Ndiye musadabwe kuona mudzi umodzi uli ndi maina awiri kapena atatu, Selva yomweyo pa tikiti ina alemba Wolkenstein. Alpe di Siusi ndi dambo lalikulu la msipu pamwamba pa phiri, lalikulu kuposa ena onse a mtundu umenewo ku Ulaya. Mumakwera gondola kuchokera ku Siusi kapena ku Ortisei, mukafika pamwamba njira zake n'zotakata, zitunda zake zofatsa, ng'ombe zili ndi mabelu m'khosi zikudya m'mbali, chiphiri cha Sassolungo chili poteropo. Kumeneko batire imagwiradi ntchito yomwe munthu walipira, chifukwa ndi kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Mukatopa mumabwerera pa gondola yomweyo, palibe wokukakamizani kutsika phiri pa njinga. Magaidi aliponso kumeneko. Ine maganizo anga ndi akuti nonse awiri muyambire kumeneko. Azakhali asangalale, inu muzolowere mabuleki, muonenso kuti bondo likuti chiyani. Likadzuka bwino mawa lake, mupume tsiku limodzi, kenako mukachite Sellaronda. Koma azakhali ayambe kuyeserera panopa, ngakhale mu paki kumeneko Loweruka lililonse. Munthu asakakumbukire kupalasa ali pamwamba pa phiri.

Tsiku lanu la Sellaronda azakhali sakhala m'chipinda ayi. Mabasi amafika pa Pordoi. Pamenepo pali cable car yopita pa Sass Pordoi, mamita 2,950, mphindi zosakwana zisanu. Tangoganizani, Sapitwa ndi 3,002, anthu amagona m'njira kuti akafikeko, pomwe apa mayi amafika msinkhu pafupifupi womwewo atanyamula kachikwama ka m'manja. Akatsika adzakudikirani pa mpatapo, pali malo odyera, palinso chipilala cha Fausto Coppi, katswiri wawo wa mpikisano wa njinga. Mudzadyera limodzi nkhomaliro ngati gaidi wavomera kuimira pamenepo. Kungoti pamwamba paja mpweya ndi wochepa, munthu umapuma mwawefuwefu ukangoyenda pang'ono. Poti azakhali amamwa mankhwala a BP, akafunse kaye adokotala awo asananyamuke, ndipo akafika pamwamba aziyenda pang'onopang'ono.

Zakudya musade nazo nkhawa, m'nyumba zodyera za m'mapirimo muli polenta, nsima yawo ya chimanga chachikasu, amaika ndi nyama kapena bowa. Koma inu amalume simudya nkhumba, ndiye chenjerani ndi mawu akuti speck. Ndi nkhumba yowamba, ndipo amaiika paliponse, ngakhale m'timibulu tawo ta buledi totchedwa canederli tomwe timaoneka ngati tilibe nyama. Muzifunsa musanaitanitse.

Nyengo. Mu Julaye m'chigwa mumatentha, koma mamita 1,000 aliwonse okwera kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6, kuphatikiza mphepo. Ndiye m'chikwama mukhale juzi yopepuka ndi jekete la mvula, ngakhale kumwamba kuli kowala bwanji m'mawa. Mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, mwadzidzidzi, ndipo ziphaliwali zikayamba zingwe amaziimitsa. N'chifukwa chake magulu amanyamuka m'mawa zingwe zikangotsegulidwa. Gaidi akanena kuti lero tidukiza panjira, musakangane naye za ndalama yomwe mwalipira. Magolovesi mutenge, magalasi a dzuwa, nsapato zolimba za pansi pathyathyathya. Helemeti amapereka pamodzi ndi njinga, koma mupemphenso zotchinga maondo. Ndipo mafuta oteteza kudzuwa mudzole, musati ife akuda sitipsa. Pamwamba paja dzuwa limawaula mphuno ndi milomo ya aliyense. Nambala ya ngozi ndi 112, muisunge m'foni zonse ziwiri.

Pa ndalama, mtengo womwe mwauona pa Facebook muufunse bwino. Pali zinthu zitatu zolipira: gaidi, njinga, ndi tikiti ya zingwe ya tsiku lonse. Ena amaphatikiza zonse, ena amalemba ya gaidi yokha kuti ioneke yotchipa, zinazo mukazimvera pakauntala. Mufunsenso kuti njinga ikaphwanyika amalipira ndani, chifukwa njinga imodzi yotere mtengo wake ndi ma euro masauzande angapo. Mashopu ambiri ali ndi kandalama kowonjezera ka inshuwalansi, kameneko musakane. Mufunse kuti mvula ikalepheretsa ulendo amabweza kapena amasintha tsiku.

Mapepala nawo musachedwe. Poti mukadali pa pasipoti ya Malawi, chilolezo chanu chokhalira ku UK sichikulowetsani ku Italy, mufunika viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya. Amalola kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nyengo yotentha malo a apointimenti amatha msanga, ndiye yambani pano. Viza imafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera 30,000 euro. Koma muwerenge timalemba tating'onoto, chifukwa zambiri zotchipa sizilipira ngozi ya njinga za m'mapiri. Kadi ya zaumoyo ya ku UK ija, ya GHIC, imathandiza kuchipatala cha boma, koma helikopita yokakutengani paphiri siilipira.

Masiku ake, mupewe kumapeto kwa sabata yoyamba ya Julaye. Kumakhala mpikisano waukulu wa njinga wa Maratona dles Dolomites, misewu ya m'mipata ija amaitseka, malo ogona amadzaza. Ogasiti nayenso ndi woipa, makamaka cha pa 15, Italy yense amakhala ali patchuthi. Mukanandifunsa ine ndikanati kumayambiriro kwa Seputembala, anthu achepa, kumwamba kumayera, mabingu achepa. Koma poti tsiku lokumbukira ukwati wanu lili mu Julaye, tengani pakati pa mwezi, ndipo Sellaronda muichite pakati pa sabata.

Ndege mutere ku Verona, ndidzakuchingamirani, mugone kuno kwathu. Mawa lake sitima mpaka Bolzano, kuchoka apo basi yolowa m'chigwa cha Gardena. Ndikapeza tchuthi ndidzakuperekezani, ndidzatsale ndi azakhali pa Pordoi paja inu mukulimbana ndi mitsetse.

Chomwe ndikufuna panopa, munditumizire masiku enieni, ndi kutalika kwanu nonse awiri mu masentimita, chifukwa njinga amabuka potengera msinkhu ndipo zazing'ono zoyenera azakhali zimatha msanga. Azakhali musawayerekeze ndi maso amalume, muwayeze ndi tepi. Basi, foni ikuti batire yatsala pang'ono. Mupereke moni kwa ana.