Mboni anaona ndi maso ake, nanga jaji wamumasula bwanji?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mai wina wa ku Katete. Mlongo wao anaphedwa usiku akuchokera kumowa, mwana wa achemwali ao ndiye anaona, anakaimanso mu High Court kuno ku Chipata nkuloza munthu kuti ndi uyu, koma jaji wamumasula. Funso lao nlakuti kodi apilo ingatheke, ndipo zitheka bwanji mwana wolumbira pa Baibulo osamukhulupirira?

Amai pepani kwambiri, maliro otere sakutha msanga mumtima. Koma ndikambe mosabisa.

Apilo simungapange inu abanja. Mlandu wakupha ndi wa boma, nchifukwa chake pepala limalembedwa The People, ndiye amene angakadandaule ku Court of Appeal ndi a DPP, mkulu wa oimira boma pa milandu, kudzera ku National Prosecution Authority, ndipo nthawi yake ndi masiku 30 chigamulo chikaperekedwa, musachedwe. Komanso kumeneko mwana uja sakaimanso ai. Majaji aja amangowerenga rekodi, sanamuone nkhope, sanamve pomwe mau ake ananjenjemera loya atamupanikiza, ndiye savomera wamba kugubuduza zomwe jaji woyamba anapeza, pokhapokha ngati analakwitsa lamulo kapena anasiya umboni woonekeratu osaulabadira.

Manje pa nkhani ya mwanayo, apa ndipo pondiwawa ine. Jaji kusamudalira sikutanthauza kuti wamutcha wabodza. Munthu atha kukamba zoona za mumtima mwake koma maso atamunamiza. Mwandiuza nokha kuti inali cha m'ma 22 hours, mwezi kunalibe, iye anabisala kuseri kwa nkhokwe ali ndi katochi ka pafoni, ndipo m'sitetimenti yoyamba kupolisi anangoti mwamuna wamtali wa jekete yakuda, dzina anadzalitchula patapita masiku atatu maliro atatha. Taganizani masiku atatu amenewo pa siwa, anthu akunong'onezana kuti si uja anakangana naye za munda, mwana ali pompo akumva zonse, mutu umayamba kulumikiza nkhope ndi jekete ija iye osadziwa nkomwe. Akamadzaloza mu khoti amakhala atatsimikizadi, sikuti akunama.

Makhoti athu amatsata chenjezo la mlandu wa Turnbull wa ku England wa 1976, lokhudza mboni yoloza munthu: anaona kwa nthawi yaitali bwanji, patali bwanji, kuwala kunali kotani, anali kumudziwa kale kapena ai, ndipo zomwe anauza apolisi poyamba zikugwirizana ndi munthu akuzengedwa mlanduyo? Ku America a Innocence Project, bungwe lothandiza omangidwa osalakwa, anapeza kuti mwa anthu omwe DNA inawatulutsa m'ndende, pafupifupi 7 pa 10 alionse anamangidwa mboni italoza molakwika. Anthu osalakwa amenewo, ndipo wolakwa weniweni ali phee kumudzi.

Palinso za ubale. Pa mlandu wa Kambarage Kaunda, Supreme Court ya kuno ku Zambia inachenjeza kuti abale ndi anzake a womwalira atha kukhala ndi mbali, ndiye khoti lionetsetse kaye kuti palibe kunamizirana. Sikuti wachibale sangakhale mboni, angathe ndithu, koma pakhale kena komuchirikiza.

Ndiye chitani izi amai. Pitani ku registry ya High Court mukapemphe kopi ya chigamulo, mupeze wina wodziwa malamulo akuwerengereni bwinobwino, kenaka mukaonane ndi state advocate, loya wa boma amene anagwira mlanduwo. Mukamufunse ngati panali china kupatula maso a mwanayo, kaya magazi pa chovala, kaya foni ya malemu yopezeka ndi munthuyo, kaya paredi ya kupolisi, pomwe mboni imaloza woganiziridwa pakati pa anthu ena, yomwe inachitika bwino, chomwe jaji sanachitchule m'chigamulo. Ngati chilipo, apilo ili ndi poimira. Ngati zonse zinatsamira pa katochi kaja, ine sindikuona a DPP akuitenga, ndipo sindifuna mugulitse mbuzi ndi matumba a chimanga kuthamangira ku Lusaka pachabe.

Mwanayo musamukalipire chonde, anaona amalume ake akufa. Mundilemberenso mukatenga chigamulocho.