Wa mapepala ndi wopanda mapepala, onse awiri anandipweteka

Achimwene, mwandigunda pa bala. Zimene mukufuna kuchitazi, kusiya wa magetsi wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, n'kutenga wotchipayo kuti akuikireni mawaya m'nyumba, ndi zimene ndinachita ine mu 2021 pa kanyumba kanga ka zipinda zitatu ku Machinjiri. Wa chiphaso anatchula K420,000 ya ntchito yokha. Mnyamata amene anandipezera mlamu wanga anati K150,000, ndipo mawaya akagula yekha ku Limbe kwa "munthu wake". Malata ndi simenti zinali zitandisiya m'manja muli gwa, ndiye ndikanatani? Nditamufunsa za fomu ya ku ESCOM, poti imafuna siginecha ya munthu wovomerezeka, anaseka. Amvekere, "bwana, zazing'ono zimenezo, ndili ndi bigi wanga amasaina." Ndinatulutsa K30,000 ya chidindo. Bigiyo sanapondepo pakhomo panga ngakhale tsiku limodzi. Anasainira pa boneti ya galimoto, ine ndikuona, injini ili chilirire.

Zizindikiro zinalipo, kungoti sindinafune kuziona. Soketi ya kukhitchini inkafunda ukatereka ketulo. Mayi a kunyumba anadandaula kawiri konse kuti kuka ikuwashoka akaigwira ndi manja onyowa, ine n'kuwayankha kuti azivala masilipasi. Mpaka lero amandikumbutsa mawu amenewo tikayambana.

Ndiye usiku wina mu June, kukuzizira kwa Chiperoni kuja. Magetsi anazima madzulo tikuphika, tinamalizira pa mbaula, n'kukagona osazimitsa kuka ndi hita ya kwa ana. Magetsi anayaka cha m'ma 11 tonse tili mtulo. Chinatidzutsa ndi chifuwa cha mwana wanga wamkazi, wa zaka 6 nthawi imeneyo. Kutsegula chitseko, fungo la pulasitiki wopsa, lija lolowa mpaka kukhosi. Silingi ya m'kolido inali itada bii malo aakulu ngati lichero, pakati pake pakufiira, pulasitiki akudontha pansi ali moto. M'denga mukumveka thethethe. Ndinathamangira pa DB, bokosi la mabureka, maswichi aja oyenera kugwa okha magetsi akachuluka mu waya, ndikupeza onse ali m'mwamba, palibe ndi imodzi yomwe yagwa. Ndinagwetsa main switch, nyumba yonse mdima, utsi, ana akulira, sindikuona chitseko cha nyumba yanga yomwe. Mayi anatulutsa ana pawindo la kuchipinda lomwe tinali tisanaike mabagala, umphawi unatipulumutsa pamenepo. Ine ndanyamula ndowa, aneba akukuwa kuti "madzi ayi, mchenga!" Anagwetsa silingi ndi khasu, tinathira mchenga wotsala pomanga uja mpaka mtanda unasiya kufuka. Tinachezera panja pa mphasa.

M'mawa kunabwera madala ena a zamagetsi opuma pantchito a kutchalitchi kwathu. Anakwera m'denga ndi tochi, potsika akungopukusa mutu. Masoketi onse anali pa waya woonda wa 1.5, wa mababu uja, m'malo mwa wonenepako wa 2.5. Kuka imafuna waya wakewake wa 6, mnyamata uja anangoilumikiza pa mzere womwewo. Pamwamba pake bureka ya 32 amps, ndiye waya umatentha mpaka kusungunuka bureka osamva kanthu. M'denga munalibe mapaipi, mawaya anangopotokola, kukulunga tepi, n'kugoneka pa matabwa. Madala aja anapala waya umodzi ndi mpeni n'kundionetsa: kunja kofiira, m'kati koyera, aluminiyamu wopaka kopa. Waya wa earth, wopititsa pansi magetsi otayika, unathera kuseri kwa DB, chitsulo chokhomera pansi chija kunalibe, earth leakage, swichi yozimitsa yokha magetsi akayamba kutayika, kunalibenso. Kushoka kwa kuka kuja kunali kumeneko.

Mnyamata uja anandiblokka tsiku lomwelo. Koma ndikuuzeni zoona, iye sindimukwiyira kwambiri, ankadziwa kuyatsa babu basi ndipo ankasaka ya ufa. Amene amandiwawa mtima ndi bigi uja. Anaphunzira, amadziwa bwinobwino kuti siginecha yake ikutanthauza kuti wayeza ndipo nyumba ili bwino. Nditamupeza anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sakundidziwa. Dzina lake lili pa fomu! Ndipo anthu ngati ameneyu ndi omwe amafuula kwambiri kuti anyamata opanda mapepala akuwalanda msika, pomwe madzulo akuwagulitsa chidindo. Wa K420,000 amene ndinamukana uja akuluza ntchito chifukwa cha mnzake wa chiphaso yemweyo. Kukonza zonse, silingi, matabwa ndi wayaring'i kuyambira pachiyambi, kunandidyera kuposa mtengo umene ndinkauthawa.

Ndiye inu tengani wa chiphasoyo, musanyengedwe. Muoneni chiphasocho ndi maso anu, mufunse ku MERA ngati chikugwirabe ntchito, ndipo mugwirizane kuti wosainayo ndi amene azikwera m'denga, asakutumizireni ana a ganyu iye ali ku tauni. Ngakhale kunena chilungamo, madala amene anandikonzera aja chiphaso chawo chinatha kalekale, ndipo chigwirireni ntchitoyo sindinamvepo soketi ikufunda. Mukapeza wotero m'dera lanu, ine sindingakuletseni. Chachikulu mawaya mukagule nokha, m'sitolo yopereka lisiti, mupale kansonga musanalipire. Asatseke silingi musanakwere kuona mapaipi, ndipo chitsulo cha earth akhome inu mutaima pomwepo. Ndalama yomaliza mupereke atadina batani la test pa earth leakage inu mukuona magetsi akuzima.