Kodi mayeso olowera kusukulu za grammar amakondera ana a anthu olemera?

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala m'chigawo cha Kent ku England, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wamkulu ali mu Year 5, kalasi ya pulayimale ya ana a zaka 9 mpaka 10, ndipo aphunzitsi ake akuti mutu wake umagwira bwino moti akhoza kulemba mayeso a 11-plus olowera kusukulu ya grammar. Vuto ndi lakuti anzake ambiri ali kale ndi aphunzitsi apadera olipidwa, pomwe ine ndalama zotero ndilibe. Kodi dongosolo limeneli ndi lachilungamo? Nanga mwana wa munthu wopeza zochepa ngati ine ali ndi mwayi weniweni? Mayi wodera nkhawa, Kent.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ili ndi maziko, ndipo sindikubisirani kuti m'maganizo anga dongosololi silipereka mwayi wofanana kwa ana onse. Komabe chimenecho si chifukwa chokwanira choti mumuletse mwana wanu kulemba mayesowo.

Masukulu a grammar ndi aboma ndipo salipiritsa fizi, koma amasankha ana potengera mayeso amene amalembedwa mwana ali ndi zaka 10 kapena 11. Kasankhidwe kameneka kanakhazikika pambuyo pa lamulo la maphunziro la 1944, limene nduna Rab Butler anatsogolera. M'chaka cha 1965 nduna ina, Anthony Crosland, inapempha makhonsolo kuti asinthire ku masukulu olandira mwana aliyense popanda mayeso, ndipo madera ambiri anatero. Lamulo la 1998 linaletsa kutsegula masukulu atsopano osankha ana motere, kotero kuti ku England kwatsala masukulu a grammar 163, amene amaphunzitsa pafupifupi ana 5 mwa ana 100 alionse a m'masekondale aboma. Kent kwanuko ndi limodzi mwa madera ochepa amene sanasinthe, pamodzi ndi Buckinghamshire ndi mbali zina za Lincolnshire, n'chifukwa chake nkhaniyi ili pakamwa pa kholo lililonse kumeneko.

Amene amaikira kumbuyo masukuluwa amanena kuti ana onse amalemba mayeso amodzi, kuti malikisi amasinthidwa molingana ndi mwezi umene mwana anabadwa pofuna kuti ocheperapo msinkhu asaponderezedwe, ndiponso kuti mwana wanzeru wa m'banja losauka amapeza mwaulere maphunziro amene ena amagula ndi mapaundi ochuluka. Mfundozi si zabodza, koma zimangoona tsiku la mayeso, pomwe kusiyana kumayamba kale tsikulo lisanafike. Kafukufuku amene bungwe la Sutton Trust linatulutsa mu 2013 anapeza kuti mwa ana 100 alionse olowa m'masukulu a grammar, osakwana 3 ndi amene anali oyenera kulandira chakudya chaulere kusukulu, chimene boma limachiona ngati chizindikiro cha umphawi, pamene pafupifupi 13 anachokera kunja kwa masukulu aboma, makamaka m'mapulayimale olipira.

Chomwe chimachititsa zimenezi chimaoneka mukangotsegula pepala la mayesowo. Kuwonjezera pa masamu ndi Chingerezi, mwana amapatsidwa mafunso oyesa kaganizidwe, monga mzere wa tizithunzi timene tikutembenuka pang'onopang'ono, n'kufunsidwa kuti chotsatira chikhala chiti, kapena mawu obisika pakati pa mawu ena awiri. Nthawi imakhala yochepa kwambiri ndipo mayankho amachongedwa papepala lina la timabokosi. Mwana amene wakhala akuyeserera Loweruka lililonse amadziwa kudumpha funso lovuta n'kudzabwererako, pomwe mnzake wanzeru zofanana, amene akuona mafunso otere koyamba, amataya mphindi zingapo akungoyesa kumvetsa chimene akufunsidwa. Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zambiri khonsolo ya Kent yakhala ikuletsa masukulu apulayimale kukonzekeretsa ana mayesowa mwapadera, ati pofuna chilungamo, koma chiletsocho sichifika m'nyumba za anthu, ndiye amene amapindula nacho ndi makolo okhoza kulipira mphunzitsi wamadzulo.

Palinso ana amene sasankhidwa, omwe ku Kent ndi pafupifupi atatu mwa anayi alionse. Mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Durham, Stephen Gorard ndi Nadia Siddiqui, atasanthula zotsatira za ana ambirimbiri, anapeza kuti masukulu a grammar amaoneka okhoza bwino makamaka chifukwa cha ana amene amawalandira, ndipo mukaganizira nzeru zimene anawo anali nazo kale komanso mabanja amene akuchokera, kupambanako kumatha. Pamene nduna yaikulu Theresa May anafuna kuchotsa chiletso cha masukulu atsopano mu 2016, mtsutso unakula ngakhale m'chipani chake chomwe, ndipo maganizowo anasiyidwa chitatha chisankho cha 2017.

Tsono pa za mwana wanu, choyamba fufuzani ngati ali m'gulu la Pupil Premium, ndalama zimene boma lakhala likupereka ku masukulu kuyambira 2011 pothandiza ana ochokera m'mabanja opeza zochepa. Mwana amalowa m'gululi ngati analembetsedwapo kuti azilandira chakudya chaulere nthawi ina iliyonse pa zaka 6 zapitazo. Izi n'zofunika chifukwa masukulu ambiri a grammar tsopano amaika ana oterewa patsogolo pogawa malo, ndipo ena amawatsitsirako malikisi ofunika. Masukulu a King Edward VI ku Birmingham anafika posungira ana amenewa kotala ya malo awo. Sukulu iliyonse ili ndi malamulo akeake olandirira ana, amene imawasindikiza pa intaneti, choncho werengani a sukulu zimene zili pafupi nanu m'malo modalira zonena za makolo anzanu pageti. Ngati chiphaso chanu chokhalira m'dzikomo sichikulolani kulandira thandizo la boma, funsanibe ku ofesi ya sukulu, pakuti kuyambira 2022 ana a mabanja otere akhoza kulandira chakudya chaulere ngati ndalama zimene banjalo limapeza zili zosapitirira malire oikidwa.

Chachiwiri, musaphonye masiku. Ku Kent kholo ndi limene limalembetsa mwana, kawirikawiri m'mwezi wa Juni akadali mu Year 5, ndipo mayeso amalembedwa mu Seputembala, Year 6 itangoyamba. Fomu yosankhira sekondale iyenera kuperekedwa pofika pa 31 Okutobala, ndipo malo amalengezedwa kumayambiriro kwa Malichi. Khonsolo imapereka mwaulere zitsanzo za mafunso, ndipo laibulale ya m'dera lanu ikhoza kum'bwereka mabuku owerenga, amene angamuthandize kudziwa mawu ambiri. Mukamayeserera naye, muziika wotchi patebulo kuti azolowere liwiro.

Akaperewera pang'ono, mphunzitsi wamkulu wa pulayimale yake ali ndi mwayi wopempha kuti ntchito yake ya m'kalasi iunikidwe, ndipo inunso muli ndi ufulu wochita apilo ku komiti yoima payokha. Zikakanika zonsezi, masukulu ambiri a grammar amalandiranso ana ochokera kwina akafika zaka 16, potengera zotsatira za GCSE, mayeso akusekondale amene ana amalemba pa msinkhu umenewu.