Funsani Aphunzitsi a Masamu: Mipando ya M'holo, Makwerero ndi Mpira Wonjanja

FUNSO: Aphunzitsi, pa mayeso panabwera funso ili: m'holo ina, mzere woyamba uli ndi mipando 12, ndipo mzere uliwonse wotsatira umaposa unzake wakutsogolo ndi mipando 3. Kodi mzere wa 20 uli ndi mipando ingati, nanga m'mizere yonse 20 muli mipando ingati? Ine ndinachulukitsa 3 ndi 20, n'kuphatikiza 12, ndinapeza 72. Anandithetha, akuti yankho ndi 69. Mipando itatuyo yapita kuti? — Wophunzira wa ku sekondale

YANKHO: Mwana wanga, tambasula dzanja lako uliyang'ane. Zala n'zisanu, koma mipata ya pakati pa zalazo ndi inayi. Mipando yako itatu yasowera pamenepo.

Mzere woyamba uli ndi 12 ndipo sunawonjezeredwe kanthu. Wachiwiri uli ndi 15, tawonjezera 3 kamodzi. Wachitatu uli ndi 18, tawonjezera kawiri. Wachinayi 21, katatu. Ukuona kuti kuwonjezerako kukutsalira m'mbuyo ndi sitepe imodzi? Pofika mzere wa 20 timakhala tawonjezera ka 19, osati ka 20. Ndiye 19 kuchulukitsa ndi 3 ndi 57, kuphatikiza 12, yankho 69. Fomula imene unaloweza, a + (n − 1)d, ikunena zomwezi basi: a ndi mipando ya mzere woyamba, n ndi nambala ya mzere umene ukufuna, d ndi nambala imene tikuwonjezera. Ka "− 1" kaja si kokongoletsa, ndi mipata ya zala ija.

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuchonga mapepala, palibe cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri kuposa chimenechi, ndipo chimandipweteka chifukwa amene amachichita si ana aulesi ayi. Ndi ana amene amva nkhaniyo mwachangu n'kuthamangira kuwerengera. Ukanalemba 12, 15, 18, 21 pambali pa pepala, n'kuyesa njira yako pa mzere wachiwiri, ukanapeza 3 kuchulukitsa 2 kuphatikiza 12, amene ndi 18, pomwe maso ako akuona 15. Ukanadzigwira wekha.

Tsopano mipando yonse pamodzi. Tenga mzere woyamba ndi womaliza: 12 ndi 69, ndi 81. Wachiwiri ndi wotsatana ndi womaliza: 15 ndi 66, ndi 81 yomweyo. Wina akamakwera ndi 3, mnzake akutsika ndi 3, ndiye palibe chosintha. Mizere 20 tikaiika iwiriiwiri, magulu ake ndi 10, ndipo 10 kuchulukitsa ndi 81 ndi mipando 810. Njira imeneyi anthu amakonda kuigwirizanitsa ndi Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany amene anabadwa mu 1777. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti ali mwana, mphunzitsi anauza kalasi kuti iphatikize manambala onse kuyambira 1 mpaka 100, iye n'kuona kuti 1 ndi 100, 2 ndi 99, 3 ndi 98, onse akupereka 101. Magulu 50 a 101 ndi 5050. Ukaiwala fomula m'chipinda cha mayeso, usanjenjemere, phatikiza woyamba ndi womaliza.

FUNSO: Makwerero otalika mamita 6.5 atsamizidwa pakhoma, ndipo tsinde lake lili mamita 2.5 kuchokera pakhomalo. Afika patali bwanji m'mwamba? Ndagwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras, ndapeza pafupifupi mamita 7, koma mnzanga akuti 6. Wakhoza ndani? — Mtsikana wokonzekera mayeso

YANKHO: Wakhoza ndi mnzakoyo, mwanawe, koma ndisanakuonetse njira, taliganizira yankho lakolo. Makwerero a mamita 6.5, opendekeka, n'kufika mamita 7 m'mwamba? Ngakhale utawaimika chilili sangapitirire 6.5. Yankho lililonse uzilifunsa funso limeneli usanalisiye: kodi zimenezi zingachitike?

Ndikudziwa chimene unachita. Unaona manambala awiri, n'kuwachulukitsa iliyonse ndi iyo yomwe, 42.25 ndi 6.25, n'kuphatikiza, 48.5. Lamulo silinena kuti tiziphatikiza manambala awiri aliwonse amene tapatsidwa. Limanena kuti pa chinthu cha makona atatu chokhala ndi kona ya madigiri 90, masikweya (utali wa mbali kuuchulukitsa ndi iwo womwe) a mbali ziwiri zazifupi akaphatikizidwa amafanana ndi sikweya ya mbali yaitali, imene imayang'anizana ndi kona ya 90 ija. Ndiye jambula. Khoma lichoke pansi kupita m'mwamba, nthaka igone, kona ya 90 ili pamene ziwirizi zakumana. Makwerero ali moyang'anizana ndi konayo, kutanthauza kuti mbali yaitali wapatsidwa kale. Pamenepa timachotsera: 42.25 kuchotsa 6.25 kutsala 36, ndipo nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka 36 ndi 6.

Uloweze magulu angapo a manambala amene amayendera limodzi pa lamuloli: 3, 4, 5, komanso 5, 12, 13, ndi 8, 15, 17. Olemba mafunso amawakonda kwambiri. Funso lakoli ndi 5, 12, 13 yemweyo atamugawa pakati: 2.5, 6, 6.5. Anthu anawadziwa kalekale manambala oterewa. Pali phale ladongo la ku Babulo wakale, lotchedwa Plimpton 322, lolembedwa cha m'ma 1800 BC, zaka zoposa 1,000 Pythagoras, katswiri wa masamu wa ku Greece wakale, asanabadwe. Mzere wake woyamba uli ndi 119 ndi 169, amene amayendera limodzi ndi 120.

FUNSO: Ndikaona manambala ngati 2, 4, 8, 16, ndimangodziwa kuti wotsatira ndi 32. Bwanji aphunzitsi amatikakamiza kufotokoza chifukwa chake? — Wokonda masamu

YANKHO: Chifukwa maso amanamiza. Jambula bwalo lozungulira, uike timadontho tiwiri m'mphepete mwake, utilumikize ndi mzere wowongoka. Bwalolo lagawika zigawo 2. Timadontho titatu, tonse titalumikizana, zigawo 4. Tinayi, 8. Tisanu, 16. Tsopano ika 6, koma usatitalikitse mofanana, kuti pasapezeke mizere itatu yodutsana pamalo amodzi m'kati mwa bwalolo. Werenga bwinobwino. Upeza 31, ndipo 32 sudzamupeza ngakhale ujambule usiku wonse. M'funso la mipando lija tinali ndi chikhulupiriro chifukwa nkhaniyo inatiuza yokha kuti mzere uliwonse ukuwonjezera 3. Lamulo la mndandanda limachokera m'nkhani, osati m'maonekedwe a manambala anayi oyambirira.

FUNSO: Mwana wanga amakhoza bwino masamu akakhala manambala okhaokha, koma akangoona funso la mawu amangokhala chete, pensulo kukamwa. Dzulo anabwera ndi ili: mpira waponyedwa pansi kuchokera pamtunda wa mamita 16, ndipo ukanjanja umabwerera theka la mtunda umene wagwa. Ukanjanja kachinayi ukwera mamita angati? Ine masamu ndinawasiya kalekale. Ndimuthandize bwanji? — Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa chosamusiya yekha mwanayo. Simukufunika kukumbukira fomula ngakhale imodzi. Chimene ine ndimachita m'kalasi, inunso mungachichite patebulo: mutsekereni bukulo, mumuuze kuti akusimbireni funsolo ngati nkhani, m'mawu ake. Akalephera kusimba, ndiye kuti vuto silinafike n'komwe pa masamu, sanamve zimene zikuchitika. Awerengenso. Akasimba, mufunseni kuti, "Ndiye akufuna chiyani kwenikweni?" Ana ambiri amayankha funso limene silinafunsidwe.

Kenako ajambule mpirawo. Mzere wautali wotsika, alembe 16. Wanjanja koyamba, wakwera 8. Kachiwiri, 4. Kachitatu, 2. Kachinayi, 1. Yankho ndi mita imodzi, ndipo walipeza popanda chilembo chilichonse.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikanakonda azione pa chithunzicho. China n'chakuti mndandanda uwu ndi wamtundu wina, wosiyana ndi wa mipando uja. Kuja tinkawonjezera nambala yomweyomweyo, kuno tikugawa ndi 2 nthawi zonse. Mwana amene sanajambule amaona 16 ndi 8, n'kuganiza kuti akuchotsera 8, ndiye mpira wake umafika pa 0 ukangonjanja kachiwiri. Nambala yachitatu ndi imene imaulula: ngati kusiyana kwa manambala oyandikana sikukusintha, ndi mndandanda wophatikiza, ngati chosasintha ndi chimene timapeza tikagawa nambala ndi inzake ya m'mbuyo, ndi wochulukitsa.

Chinacho ndi msampha wa 16. Amene amathamangira fomula amatenga 16 kukhala nambala yoyamba, n'kuwerenga yachinayi, n'kupeza 2. Koma pa 16 mpirawo unali usananjanje. Ine sindiletsa fomula, ndimaiphunzitsa ndipo imafunika funso likafika pa kunjanja ka 15. Chimene ndimakana n'chakuti mwana ailembe asanadziwe kuti nambala yake yoyamba ikuimira chiyani m'nkhanimo.

Akamaliza limenelo, mupatseni ili, pogwiritsa ntchito chithunzi chomwecho: pamene mpira ukugunda pansi kachinayi, wayenda mtunda wautali bwanji wonse pamodzi? Ambiri amaphatikiza 16, 8, 4 ndi 2, n'kunena 30. Mulekeni atsatire ulendo wa mpirawo ndi chala. Mamita 16 unangotsika, koma 8 unakwera n'kutsikanso, 4 chimodzimodzi, 2 chimodzimodzi. Ndiye 16, 16, 8 ndi 4, zonse mamita 44. Yankholi mulisunge mumtima, mayi, musamuuze msanga. Akanena 30, mungomufunsa kuti mpirawo utakwera mamita 8 aja unabwerera bwanji pansi.