Atate akukana kukamba za wilu

Mnyamata wina wochokera ku Katete, amene akugwira ntchito ku Chipata, wandifunsa kuti: "Agogo, atate ali ndi nyumba ku Kapata m'tauni ya Chipata, ng'ombe ndi munda kumudzi. Ndikangotchula za wilu, kalata yonena za kagawidwe ka chuma chawo akadzamwalira, amakalipa, amati ndikuwafunira imfa. Nditani?"

Mdzukulu wanga, mkwiyo wa atate akowo ndikuumvetsa. Kwathu kuno mwana akafunsa kholo za chuma, anthu amanong'ona kuti wayamba kuwerenga ng'ombe mwini akali moyo. Choncho nkhaniyi usaiyambe wekha, ndiponso usaiyambire pa chuma. Kapemphe munthu wamkulu amene atate ako amamumvera, kaya ndi mkulu wawo, ankhoswe kapena mkulu wa mpingo. Iyeyo ndiye awafunse kuti: tsiku likadzafika tidzakuikeni ku manda a kwanu kapena m'tauni muno? Matenda akadzakula, mudzakonda kukhala m'chipatala kapena kubwerera kumudzi? Nanga mukadzalephera kulankhula, adzakulankhulireni ndani? Munthu wokalamba mafunso otere amakhala atawaganizira kale, amangosowa womufunsa mwaulemu. Za nyumba ndi ng'ombe zimadzatulukira zokha.

Pali chinthu chimene achikulire ambiri sachidziwa. Kale kwa ife Achewa, chuma cha mwamuna chinkapita kwa abale ake ndi ana a mlongo wake, pomwe Angoni a kwa Mpezeni amatsata kwa bambo. Koma kuyambira 1989, kuno ku Zambia munthu akamwalira osalemba wilu, lamulo la Intestate Succession Act ndilo limagawa. Ana amalandira 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalirayo 20, ndipo 10 yotsalayo ndi ya amene ankadalira iye. Nyumba ngati ya ku Kapata ija imakhala ya mkazi ndi ana, ndipo mayiyo amakhalamo mpaka atamwalira kapena kukwatiwanso. Mwana wobadwira kunja kwa banja naye lamulo limamuwerenga ngati mwana. Ngati alipo wotere, ndi bwino atate amutchule okha. Ndaonapo nkhope zachilendo zikutulukira pa maliro, anthu n'kuleka kulira.

Munda wa kumudzi ndi nkhani ina, ndipo ndi pamene amasiye ambiri amalirira. Malo a mafumu lamulo lija siliwakhudza, amayendera mwambo. Ngati amayi ako anatengedwa chitengwa, akulima nthaka ya abale a mwamuna wawo, ndipo akangowasudzula angathe kuuzidwa kuti abwerere kwawo, atalimapo moyo wawo wonse. Apa pepala lokha silikwanira. Atate apite kwa amfumu pamodzi ndi mwini mbumba, anene poyera amene adzalime mundawo, ayende nawo m'malire anthu akuona.

Kulemba wilu sikovuta. Atate alembe kapena alembetse zimene akufuna, atchule munthu wodzayang'anira kagawidwe, kenako asaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi nthawi imodzi, nazonso zisaine. Mboni isakhale munthu amene akulandira kanthu m'wiluyo, ndiye iwe ukhale patali, ngakhale cholembera usawagwirire. Alembemo ndi ng'ombe zimene anasungitsa kwa ena, chifukwa zimenezo ndizo zimasowa msanga, osaiwala ngongole, ndalama za kubanki ndi za m'foni. Ngati anagwirapo ntchito yolembedwa, mapepala a NAPSA, bungwe losunga ndalama za penshoni, akhale pamalo podziwika kwa amayi ako. Wilu yobisa kwambiri moti palibe akudziwa kumene ili sithandiza aliyense.

Akadzapezeka achibale onyamula katundu maliro asanathe n'komwe, kumeneko ndi kulanda chuma cha masiye, ndipo ndi mlandu. Ukanene ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Amene adzagawe chuma cha munthu wosasiya wilu ayenera kuyamba walandira kalata ya khoti, kusankhidwa ndi abale pansi pa mtengo kokha sikumupatsa mphamvu.