Andiika mbali yoikira kumbuyo olamulira opondereza: ndikane?

Funso: Ndili ku sekondale, m'gulu la mtsutso. Mutu wa mpikisano ukubwerawu ndi wakuti "Ulamuliro wopondereza ungathe kukhala ndi zolinga zabwino," ndipo ine andiika mbali yovomereza. Bambo anga sizinawasangalatse, akuti ndikuphunzira kuikira kumbuyo nkhanza. Ndikane? Ngati ayi, ndiyambire pati?

Yankho: Usakane, mwanawe. Uwerengenso mutuwo mofatsa. Sakukufunsa ngati ulamuliro wotere uli wabwino kapena ngati umabala zabwino. Akufunsa za cholinga, ndipo pamenepo umboni uli nawo.

Yambira pa Julius Nyerere, pulezidenti woyamba wa dziko la Tanzania. Anali mphunzitsi, ndipo ngakhale omudzudzula samunena kuti anadzikundikira chuma. Mu 1965 dziko lake linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1967 analengeza mfundo za ku Arusha zofuna kuti anthu akhale ofanana ndi odzidalira. Maganizo ake anali akuti anthu okhala patalipatali asonkhane m'midzi ya ujamaa kuti sukulu, chipatala ndi madzi ziwafike mosavuta. Anthu atazengereza, mu 1973 kusamuka kunakhala kokakamiza. Mamiliyoni anasiya minda yawo, ena atachita kukwezedwa m'malole. Zokolola zinatsika, chilala n'kuwonjezerapo, dzikolo n'kumagula chakudya kunja. Komabe odziwa kulemba ndi kuwerenga anachuluka kwambiri, ndipo mu 1985 iye anatula pansi udindo mwa kufuna kwake. Anzako akati ameneyu sanali wopondereza, uwakumbutse kuti kuyambira 1962 boma lake linali ndi lamulo lotsekera munthu osamuzenga mlandu.

Ambiri amathamangira kwa Park Chung-hee, yemwe analanda boma ku South Korea mu 1961 n'kulamulira mpaka pamene anaphedwa mu 1979, dzikolo likutukuka modabwitsa. Umutchule, koma usatsamirepo kwambiri. Wotsutsa wochenjera adzangoti Mobutu Sese Seko analamuliranso ndi mphamvu zonse kuyambira 1965 mpaka 1997, dziko lake la Zaire (lero ndi DR Congo) n'kusauka lili pamwamba pa miyala yamtengo wapatali, pomwe Botswana inatukuka ikuchita zisankho chilandirire ufulu mu 1966. Kusankha okhawo omwe zinawayendera ndi msampha womwe oweruza amauzindikira msanga.

Pomwe adzakupanikize kwenikweni ndi pa China, choncho nkhaniyi uidziwe kuposa iwo. Mu 1958 mtsogoleri wa dzikolo, Mao Zedong, anayambitsa ndondomeko yotchedwa Great Leap Forward, yofuna kuti dzikolo lipose Britain pa kupanga zitsulo m'zaka 15. Alimi anachotsedwa kumunda kuti azikasungunula zitsulo m'ting'anjo ta m'midzi. Miphika ndi makasu zinaponyedwa mmenemo, chotulukamo n'kukhala chibuma chopanda ntchito. Akuluakulu a m'zigawo, poopa kutchedwa oukira, ankalemba zokolola zabodza, ndipo boma linkatenga gawo lake potengera mabodzawo, alimi n'kutsala manja lende.

Mu Julaye 1959, pa msonkhano wa chipani ku Lushan, nduna ya zachitetezo Peng Dehuai inalembera Mao kalata yapadera yofotokoza zomwe zinkalakwika. Mao anagawira kalatayo onse a pamsonkhanopo, Peng anadzudzulidwa pagulu n'kuchotsedwa pa udindo. Wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma pa Lushan aliyense anaona zomwe zimamuonekera wotsina khutu, ndipo onse anasunga pakamwa. Njala inakula. Pa chiwerengero cha omwe anafa ofufuza amasiyana: ena amati 15 miliyoni, ena oposa 40 miliyoni.

Apa m'pomwe adzatchule Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1998. Mfundo yake njakuti njala yopulula anthu simagwa m'dziko lomwe muli zisankho zenizeni ndi atolankhani omasuka, chifukwa boma loopa kugwa pa chisankho silingagone anthu akufa nyuzipepala zikulemba. Iye anaona njala ya ku Bengal ya 1943 ali mwana, India ili pansi pa atsamunda.

Usalimbane nazo zimenezi. Uzivomereze, kenako unene kuti zikusonyeza kuti cholinga chabwino ndi zotsatira zoopsa zimatha kukhalira limodzi, zomwe ndi mbali yako yomwe. Funso lokhalo lomwe lingakugwetse ndi ili: mtsogoleri akauzidwa kuti anthu akufa, iye n'kulanga womuuzayo, kodi akutetezabe anthu kapena mpando? Ulikonzekere. Ukhoza kuyankha kuti mutuwo ukuti "ungathe," ndiye chitsanzo chimodzi choona chikukwanira, n'kubwerera kwa Nyerere.

Maganizo anga, poti mtsutso ukadzatha udzafunabe kudziwa: olamulira otere ambiri amayamba akukhulupiriradi kuti akupulumutsa dziko, ndipo n'chikhulupiriro chomwecho chimawachititsa kuona wotsutsa aliyense ngati mdani wa dziko. Mumtima mwa munthu simuoneka. Zooneka ndi izi: kodi khoti lingamuletse, nyuzipepala ingamudzudzule, anthu angamuchotse popanda kukhetsa magazi? Ukadzalemba chimangirizo pa nkhaniyi, malikisi ambiri ali pa mafunso atatuwa, osati pa kulota zomwe mtsogoleri ankaganiza.

Tsopano kwa inu, bambo. Nkhawa yanu njomveka, makamaka kwa munthu amene anaonapo kapena kumva zomwe maulamuliro otere amachita. Koma pa mtsutso mbali sasankha yekha wophunzira, ndipo ulendo wina adzapatsidwa inayo. Kumanga mfundo yolimba pa mbali yomwe sakuikhulupirira ndi luso lomwe loya, kazembe, mtolankhani ndi wofufuza za ndale amadyera, ndipo kuyunivesite adzalifuna kuyambira chaka choyamba. Ngati mukufuna kumuthandiza, khalani otsutsa ake inuyo kunyumba. Mumupatse mphindi zisanu alankhule osamudula, kenako mumufunse za Peng Dehuai, ndipo musamusiye mpaka ayankhe osayang'ana papepala.